Foni M'khola la Nkhunda

"Ndati ayi, ndipo ndikubwereza, ayi! Mwana wanga simukamupachika pakhoma kuti anthu akamuseke."

A Telala ananena izi phazi lili pa makina osokera, koma makinawo anali ataima kalekale. Diresi ya eni ake inali italendewera pansi n'kumasesa fumbi la pakhonde, iwo osaiona n'komwe.

"Ndani wanena zopachika munthu, amayi?" anayankha mwana wawo wachisamba, uja anadzipatsa yekha dzina loti Dayilekita chigulireni foni yojambula bwino. "Ndi filimu iyi. Filimu yoseketsa, koma yokhala ndi kachisoni mkati. Nkhani ya mnyamata wosayankhula. Anthu akaseka, kenako akapita kwawo akuganiza. Akatswiri amatero."

"Akatswiri akowo amajambula ang'ono awo? Bwanji osadzijambula wekha, poti pakamwa pako sipatseka?"

"Ine ndine dayilekita, amayi. Dayilekita saoneka."

"Saoneka chifukwa amadziwa kuti kusekedwa kumawawa."

"Inu mayi, tatsitsani mawu," analowererapo amuna awo, a Kalipentala. Anali atakhala pa mpando umene anali asanaumalize, pensulo ili kukhutu, utuchi uli mbuu m'tsitsi. "Mwanayu mwamufungatira mokwanira. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndevu zayamba kutuluka, koma mlendo akangoti odi, iye uyo kuseri kwa nyumba. Aphunzitsi ake akuti nthawi zina amaiwala kuti m'kalasi muli munthu wotero. Kodi akadzafuna banja mudzakamufunsirira ndinu? Musiyeni anthu amuone, manyaziwo amuchoke."

"Manyazi si chithupsa choti mungofinya, bambo."

"Nanga tichite chiyani? Tizingomuyang'ana akukalamba ndi nkhunda? Chabwino, mwini wake ali apa. Timufunse."

Mwini wakeyo analidi pomwepo, ngakhale onse atatu ankamukamba ngati kulibe. Mzime, mwana wawo womaliza, anali atakhala pakhomo pa khitchini, mawondo ali pachibwano, akusankha timiyala m'mapira a nkhunda zake.

"Iwe Mzime," anatero bambo ake, "filimu imene akujambula achimwene akoyi akufuna akaionetse Loweruka kunyumba ya kanema. Ukukana? Ngati ukukana, nena."

Abale, nena! Liwu limeneli ndilo linkamutseka mwanayo pakhosi chiyambire. A Telala anaona kholingo lake likukwera, likutsika, milomo ikutseguka pang'ono. Chinkangofunika n'kumupatsa nthawi. Koma a Kalipentala anali munthu wa hamala. Msomali ukachedwa kulowa ankangowonjezera mphamvu.

"Mwaona? Sanakane."

"Sanavomerenso!"

"Pakhomo pano wosakana wavomera. Yatha nkhani."

A Telala anatembenukira wamkuluyo, mtima uli m'mwamba. "Nanga mufilimumo muli chiyani?"

"Tizinthu tating'onoting'ono, amayi. Akutunga madzi, akupita kusukulu, akuponyera nkhunda mapira. Iyenso ankandiona ndikujambula." Ananena zimenezi maso ali pafoni, chala chikupukuta galasi loyera kale.

Loweruka masana nyumba ya kanema inadzaza mpaka pakhomo. Chinali chipinda chopanda mawindo kuseri kwa malo ometera, chonunkha thukuta ndi fumbi, mabenchi ake okhoma a Kalipentala omwewo. Bambowo anamuveka Mzime shati yosita, anamukoka dzanja njira yonse ngati mbuzi yopita kumsika, kenako anakadzikhalira kutsogolo. A Telala sanafune kupita, koma anati bola ndikakhalepo, zikavuta ndikanyamule mwana wanga. Anakhala pa benchi yomalizira, pafupi ndi katani ya pakhomo, Mzime ali pambali pawo.

Poyamba zinalidi zimene ananena Dayilekita. Mzime akuyenda mokhula khoma, kagitala kolira mwachisoni kakumutsatira, ndi mawu a mkulu wake okhuthalitsa dala: "Uyu ndi Bwana Duu. Chibadwire sanamalizepo chiganizo." Anthu anaseka pang'onopang'ono, kuseka kwa ulemu. Mtima wa a Telala unakhala pansi pang'ono. Ngati n'zomwezi, tipirira.

Kenako chithunzi chinasintha. Chinada, chinapendekeka, kutsogolo kuli waya ndi nthenga. A Telala anawazindikira malowo: munali m'khola la nkhunda, kuseri kwa nyumba yawo. Foni inali itabisidwa pakati pa mabokosi oikiramo mazira. Chitseko chinatseguka, Mzime analowa, anatseka, anakhala pa chidebe chovundikira, n'kuyamba kuyankhula.

Kuyankhula, anthuni! Osati "inde" kapena "ndakhuta" ayi, koma mawu otsatizana ngati madzi a pampopi.

"Mwaswera bwanji, anthu anga? Iwe wamawanga, wayambanso kulanda anzako chakudya? Khosi lotupalo ngati aphunzitsi a masamu." Anaimirira, anatulutsa mimba, anaika manja kumbuyo, mawu n'kusinthiratu. "'Amene sanamve akweze dzanja. Wakweza dzanja ndani? Ndiwe wogontha iwe? Tuluka!'"

Nyumba yonse inaphulika. Ana a sukulu anagwa m'mabenchi, miyendo ili m'mwamba.

Pakanemapo Mzime anatola kaudzu n'kukapanika kukhutu. "'Mwana wamwamuna amayankhula ngati hamala! Gu! Gu! Ine pa msinkhu wakowu ndinali nditafunsira atsikana asanu.' Onse asanuwo anawakana, anthu anga, koma pamenepo safikapo."

Kutsogolo kuja a Kalipentala ankadzimenya pantchafu akufuula, "Mwana wanga ameneyo! Mwana wanga!"

Ndiyeno anakhalanso pachidebe, anayamba kupalasa phazi ngati ali pa makina, analuma timitengo tiwiri m'malo mwa mapini, n'kuyankhulira m'mphuno. "'Mm-mm, diresi yanu itha mawa, amayi. Mawa ndithu. Yangotsala zipi.' Nsalu asanaidule n'komwe, anthu anga, ikadali pansi pa matiresi."

Amayi onse amene anauzidwapo "mawa" anaseka chikhakhali. Ndipo a Telala, kalanga ine, a Telala nawonso anaseka.

Sanafune. Koma taganizani: mwana wobereka wekha, amene chisinthireni mawu kukhala achinyamata sunamumvepo akumaliza nkhani, lero ukumumva, ndipo mawu ake ndi okoma, okhuthala, anzeru. Chimwemwe chinawakwera limodzi ndi phwete, osadziwanso kuti ichi n'chiti, icho n'chiti. Anagwira nthiti. Misozi inatuluka. Mayi wina wa benchi yakutsogolo anatembenuka n'kuwapatsa dzanja, iwo n'kuwomba, phwa!

Pamenepo n'kuti Mzime wa pakanema atagwira nkhunda yoyera ndi manja awiri, ataiyandikitsa kumaso.

"Tiyeserenso. Ndalowa mugolosale, iwe uli kuseri kwa kauntala. 'Ndikufuna sopo.' Ayi, sopo ndagula dzulo, ndi dzana lomwe, kunyumba sopo wachuluka. 'Tsitsi lakolo lakukhala.' Ayi, chitsiru iwe, adzaitana bambo ake." Kenako anatsitsa mawu. "Ine ndimangofuna undifunse kuti ndili bwanji, ndiye udikire yankho. Anthu sadikira."

Mawu omalizawo anamira m'phokoso. Malikhweru anali ponseponse, anyamata akumenya mabenchi, "Sopo! Sopo!" Mtsikana wa pagolosale, amene anabwera ndi anzake osadziwa kanthu, anaphimba nkhope ndi mpango n'kudutsa anthu akuthamanga.

Apo m'pamene a Telala anatembenukira mwana wawo, kuseka kuja kusanafufutike bwino pankhope. Mzime sankayang'ana kanema. Ankayang'ana iwo. Kuyambira liti, sanadziwe. Sanalire, sanakwinye nkhope. Anangoimirira, anakweza katani, n'kutuluka.

Lolemba anapita kusukulu chifukwa bambo ake anamuperekeza mpaka pageti. Anabwerako dzuwa lisanafike pamutu, nthenga ya nkhuku itasomekedwa kumbuyo kwa kolala. Ana a anansi ndiwo anadzafotokoza kuti aphunzitsi a masamu anamuimika kutsogolo n'kunena kuti, "Poti umatha kundiyerekeza, tandiyerekezera pano ndione." Anaima pamenepo mpaka belu, kalasi yonse ikulira ngati nkhunda. Kuchokera tsiku limenelo sanavalenso yunifomu.

Lachiwiri kunabwera mwini golosale ali lawilawi.

"Mwana wanga sakuimanso pakauntala! Mwamuna aliyense wolowa, ngakhale nkhalamba yopanda mano, akuti ndikufuna sopo, n'kumatsinzina diso. Wakulakwirani chiyani mwana wanga?"

A Telala anagwada pakhonde n'kupepesa. A Kalipentala anati n'zachibwana izi, ziiwalika, ndipo mwini golosale atangopotoloka anayamba kuseka.

Mzime anadzitsekera m'chipinda chake. Timawu tija anali nato, "inde", "zikomo", "ndakhuta", tinathera pomwepo. Ankatuluka kukadzithandiza pokhapokha pabwalo pakakhala zii, mutu uli pansi. Mbale imene mayi ake ankasiya pachitseko inkabwerera itangokhudzidwa m'mbali. Kukhola sanapondekonso. Nkhunda zinkazungulira denga n'kumatera pawindo la chipinda chake, lomwe linayang'anizana ndi kholalo, koma katani inali yotseka. A Telala ndiwo anayamba kuziponyera mapira.

Chomvetsa manyazi n'chakuti ntchito inawachulukira. Amayi ankabwera ndi nsalu kuchokera kutali, aliyense akufuna kuuzidwa "mawa" ndi mwini wake, kwinaku akusuzumira m'nyumba ngati angamuone Bwana Duu. A Telala ankawayeza m'chiuno mano ali gwa. Akachoka, ankakaima pachitseko chija n'kumayankhula ndi thabwa.

"Mwanangu, ndinalakwa. Sindimaseka iwe ayi, ndimadziseka ndekha ndi mawa langa lija. Ndinasangalala kukumva, basi. Wamva? Ungogogoda kamodzi ndidziwe kuti wamva."

Zii.

Mantha awo anali amodzi, ndipo sankawatchula ngakhale popemphera: kuti tsiku lina adzagogoda, adzathyola chitseko, n'kupeza zimene mayi sayenera kupeza. Anamasula chingwe choyanikira zovala n'kukachisungitsa kwa anansi. Lumo lalikulu ankagona nalo kumutu.

Tsiku lina masana mtsikana wa pagolosale uja anabwera mozemba, siketi ili m'manja ngati yodzasoketsa. Siketiyo inalibe vuto lililonse.

"Amayi, mawu aja ananena pomaliza ine ndinawamva," anatero maso ali pansi. "Ndingamupatse moni?"

A Telala anamulozera chitseko, iwo n'kuima patali atagwira pamtima. Mtsikanayo anagogoda pang'ono.

"Ndine wa pagolosale. Uli bwanji?"

Ndipo anadikira. Mwana wa eni ake anadikira ndithu, ataima njo, mpaka mthunzi wa pakhonde unasuntha. Mkatimo simunamveke ngakhale kukhosomola. Pomaliza anapinda siketi yake n'kunena kuti bambo ake akumutumiza kukakhala kwa azakhali ake mpaka anthu ataiwala, choncho sabweranso. A Telala anamuperekeza mpaka pageti.

Sabata yachiwiri ili kumapeto, anachokera kumsika kogula ulusi n'kupeza amuna awo atagwada pachitseko cha Mzime, chobowolera chili m'manja, Dayilekita atawerama pambuyo pawo, akunong'onezana.

"Mukutani pamenepo?"

"Kabowo ka mpweya," anatero a Kalipentala osatembenuka. "Mwana angabanike."

"Ka mpweya? Kolingana ndendende ndi diso la foni?"

"Amayi, tamverani kaye," Dayilekita anatambasula manja. "Kwaimba bwana wina wa m'tauni, wopanga mafilimu enieni. Waiona. Akuti mwanayu ndi golide. Akufuna gawo lachiwiri: Bwana Duu wadzitsekera m'chipinda. Munthu akakhala yekha amayankhula, amayi. Tikungofuna pang'ono pokha."

"Mng'ono wako akufa mmenemo, iwe ukufuna gawo lachiwiri?"

"Safa, inu mayi," anatero a Kalipentala, akuimirira n'kusasa utuchi m'mawondo. "Wakwiya chabe, akwiyulula. Inu simukuona? Zaka zonsezi tinkati tabereka chitsiru, osadziwa kuti tabereka katswiri. Kulikonse kumene ndikupita anthu akundigwira chanza. Mwana ali ndi luso, ndiye tizilisiyira nkhunda?"

"Ndinu nokha munkati mwabereka chitsiru. Luso lakelo anakupatsani? Munaba! Inu ndi mwana wanuyu munaba, ndipo lero mwabweranso ndi chobowolera masana dzuwa likuswa mtengo. Mulibe manyazi?"

"Munaseka nafe limodzi," anatero a Kalipentala. "Mwinanso kuposa ife. Anthu onse anakuonani."

Mawu amenewo anawalasa a Telala pamtima penipeni. Anangolanda chobowolera chija n'kuchiponya panja, anatola tizidutswa ta nsalu pansi pa makina, n'kutseka nato kabowoko. Tsiku lomwelo anakokera makina m'nyumba, pafupi ndi chitsekocho, n'kumasokera pamenepo mochita kusuzumira singano chifukwa cha mdima.

Nzeru imodzi yokha inawatsalira. Anali ndi mlongo wawo, malume ake a Mzime, wosamalira ng'ombe pafamu ina yakutali, kokwera mabasi awiri n'kumalizira wapansi. Kumeneko, anaganiza, palibe akumudziwa mwanayu; akayamba moyo wina, akalowa sukulu ina. Anawaimbira foni mobisa, anawachonderera akulira, ndipo malumewo anati, "Musade nkhawa, achemwali, ndikubwera."

"Mwanangu," ananong'ona pachitseko, "malume ako akubwera Lachisanu kudzakutenga. Kumeneko kuli ng'ombe ndi mitengo basi. Palibe wokufunsa mafunso."

Anatchera khutu. Ndipo kwa nthawi yoyamba anamva kanthu mkatimo: zipi ya chikwama ikutseguka. A Telala anakhala pansi pomwepo n'kulira mosatulutsa mawu.

Lachisanu m'mawa loko anatseguka. Mzime anatuluka chikwama chili kumsana, ataonda mpaka shati kumulendewera m'mapewa, maso akuphethira chifukwa cha kuwala. Anakaima pakhonde pambali pa mayi ake. Sanawayang'ane, koma anaima pafupi, mkono wake ukukhudza wawo. A Telala anaopa ngakhale kupuma. Posakhalitsa malume anatulukira pageti, chipewa chili chammbali, munthu wansangala chibadwire. Atangomuona mwanayo anaponya manja m'mwamba.

"Eee! A Bwana Duu eni ake! M'chikwamamo mwanyamula sopo wokwanira? Mphwanga, watitchukitsa! Kufamu kwathu tinaionera pafoni ya dalaivala wa thirakitala, anthu mpaka kugubuduka pansi. Ana onse akukudikira, akuti ukawachitire za aphunzitsi a masamu zija."

"Achimwene!" anakuwa a Telala.

"Ndalakwa chiyani? Ndikumuyamikira!"

Mkono uja unachoka. A Telala anamva mapazi akubwerera m'nyumba, osathamanga, kenako chitseko, kenako loko. Malume anatsala kukamwa kuli yasa, chipewa chili m'manja, akufunsa ngati mwanayo sanauzidwe kuti watchuka.

A Telala sanawapatse ngakhale madzi akumwa. Anapisa mapazi m'masilipasi n'kulunjika kumsika, kukashopu ka Dayilekita, kamene ankaikiramo anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Anapeza anyamata ataunjikana pa kompyuta, mawu a Mzime akutuluka pa sipika, akufuna sopo. Anyamatawo atangoona nkhope ya mayiwo anabalalika okha.

"Fufuta."

"Amayi..."

"Ndati fufuta! Pompano, ine ndikuona."

"Ndingafufute pano, koma ili kale m'mafoni a anthu. Uyu anapatsa uyu, uyu anatumiza kwa uyo. Yafika kumene ine sindinapondeko. Palibe angaibweze, amayi, ngakhale ine."

"Ndiye mwana wanga ndikamubise kuti? Tandiuza, poti ndiwe wanzeru. Kumwamba? Pansi pa nthaka?" Mawu awo anasweka. "Munayamwa bere limodzi ndi ameneyu. Unkamubereka kumsana ine ndikusoka. Akalira unkalira naye."

Dayilekita anakhala pa kabenchi. Udayilekita wonse unamuthera, kunatsala mnyamata wa maso ofiira.

"Ine sindimafuna zifike pamenepa. Tsiku loyamba ndinabisa foni ija kuti ndione khoswe amene ankadya maunda. Nditamvetsera ndinalira, amayi, ndikulumbira. Ndinati onse amene amamutcha chitsiru amumve. Inunso simunkamudziwa. Palibe ankamudziwa."

"Ukanamufunsa."

"Akanakana."

"Ndiye unkadziwa."

Mnyamatayo anatsegula foni, anatulutsa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukaika m'dzanja la mayi ake.

"Zonse zimene ndinajambula m'kholamo zili mmenemo, ndi zimene sindinaike mufilimu. Kulibe kwina kumene ndinazisunga. Chitani nako chimene mufuna." Anazengereza pang'ono. "Chomalizira chenicheni akunena za inu. Si nthabwala ayi. Chimenecho ndinaona kuti si choonetsa anthu."

"Sindikufuna kumva. Ndikukatentha."

Ndipo ankanenadi zoona. Atafika kunyumba anapeza pabwalo pali zii. Amuna awo anali ataperekeza malume kokwerera basi. Nsimbi ya makala imene anayatsa m'mawa inali ikadali ndi moto. Anatsegula chivundikiro, anauzira, makala anafiira. Kakhadi kaja kanali pakati pa zala ziwiri, pamwamba pa moto.

Akunena za inu.

Zala zinakana kutseguka. Masabata onsewa mwanayo sanawapatse ngakhale liwu limodzi, ndipo mawu ake amene anthu sanawadetse ndi kuseka anatsala okhawa. Kodi amadana nane? Kodi ankandiona bwanji? Ndine mayi wake, anadziuza, mayi sabera mwana wake. Ndingomva kamodzi, ndidziwe pomugwira, kenako nditenthe. Zifukwa zinabwera zokha, zambirimbiri, ndipo zonse zinkaoneka zabwino.

Analowetsa kakhadiko m'kafoni kawo ka mabatani. M'nyumba sakanamvera, chitseko cha Mzime chinali pafupi. Anazungulira kuseri, analowa m'khola, anatseka, n'kukhala pa chidebe chovundikira. Nkhunda zinawayang'ana chammbali. Anadina chomalizira chija. Kafoniko kanakana kuonetsa chithunzi, koma mawu kanatulutsa, mokweza monga timachitira timafoni totere.

"Lero palibe sewero, anthu anga, ndatopa," anatero Mzime m'dzanja lawo. "Amayi agona pa makina, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinafuna kuwafunditsa, koma ndinaopa angadzuke n'kundifunsa kuti ukufuna chiyani. Mukudziwa, anthu onse akandiona amaseka kapena amakalipa. Amayi okha ayi. Amayi sanandisekepo. Zonse ndimakuuzanizi n'zawo, inu ndikungoyeserera. Zikadzaleka kukodwa pakhosi, ndidzakhala pansi pafupi ndi makina, ndidzawauza kuyambira poyamba. Mwina chaka chino."

A Telala anatseka pakamwa ndi dzanja. Atakweza maso, kudzera pa waya wa khola, anaona kuti katani ya pawindo yatseguka, windo lomwe. Mzime anali ataima pamenepo, manja ali pa zitsulo, akuyang'ana mayi ake atakhala pa chidebe chake, pakati pa nkhunda zake, mawu ake ali m'manja mwawo.

"Mwanangu... ndimati nditenthe... ndimangofuna..."

Mwanayo anawasiya mpaka mawu anawathera okha. Kenako anayankhula, mosakodwa, momveka bwino.

"Ndikanakuuzani ndekha, amayi."

Anakoka windo n'kulitseka, kenako katani.

Kafoni kaja kanali kakuyankhulabe, kakufunsa nkhunda ngati zakhuta. A Telala anadina apa, anadina apo, koma batani lozimitsira silinapezeke.